A Zuze, Mfuti Yawo ndi Ng'ona ya Mikanda

Mwezi uno ndi umene a Zuze anatisiya. Ndisaname, ndinaiwala. Anandikumbutsa ndi mwana wawo Malita, amene anaimba foni kuchokera ku Australia kundipempha kuti ndikaike maluwa pamanda. Ndakaika. Eni akewo akanaona akanandinena, chifukwa maluwa ankati ndi ndiwo zosadyeka. Pobwerera pa basi ndinawaganizira mpaka kupitirira potsikira panga, ndiye ndati bola ndilembe, mwina mutu upepukeko.

Amalawi ambiri kuno ku Dublin amawakumbukira ngati madala a mfuti. Ena amanena moseka, ena motsitsa mawu. Ndi zoona, mfuti anali nayo, pisitolo yakuda ya layisensi, mapepala onse ali m'malo mwake. Ankaisunga m'nyumba mwanga ku Tyrrelstown, m'chipinda chapansi chimene ankachita lendi, m'bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma ndi mabawuti. Boma la kuno litayamba kukamba za lamulo latsopano loletsa mfuti zoterozo, a Zuze anandiuza, maso ali gwa, kuti tsiku limene adzagone m'nyumba yopanda mfuti, imfa yawo idzayambira pomwepo. Ine ndinaseka. Ndine munthu woseka msanga, aliyense amadziwa.

Anali aatali, owonda, akuda bii, munthu wa ku Chikwawa wolankhula Chichewa chothira Chisena. Ankayenda mosamveka. Umatha kukhala ukutsuka mbale, kutembenuka n'kupeza munthu ali chilili kumbuyo kwako akudikira kuti umalize akupatse moni. Kangapo ndinawauza kuti, "Ankolo, muzikhosomolako, mudzandipha ndi mtima." Ankangoti kutchire wokhosomola sabwerako, ndipo mawa lake ankachitanso zomwezo.

Makhalidwe awo ena ndinkawayesa ukalamba chabe. Akalowa m'nyumba ya munthu sankayamba ndi nkhope za eni ake, ankayamba ayang'ana pansi. Pakhomo pa chipinda chawo ankawerama, n'kukhudza kapeti ndi kuseri kwa dzanja, kenako n'kulowa. Dziko lino mvula ndi ya tsiku ndi tsiku, koma a Zuze sindinawaonepo ataponda pa chithaphwi. Ankazungulira ngakhale basi ikuwathawa. M'bafa losambira chogona lija sankalowamo, ankasamba choimirira ndi kandowa. Ndipo munthu wa kuchigwa, kumene mwana amayamba kudziwa mlamba asanadziwe dzina la bambo ake, nsomba sankadya. Ndikawaseka ankati anadya zokwanira ali mnyamata.

Kumudzi anali agemu, aja olondera nyama zakutchire, kuyambira unyamata mpaka kupuma. Akazi awo atamwalira, Malita, amene ndi namwino, anawaitanitsa kuno nthawi ija ndalama zinkayenda, kulikonse akumanga. Anapeza ntchito yaulonda ku maofesi a ku Mulhuddart. Zinthu zitasokonekera makampani anayamba kutseka, lero iyi, mawa iyo, mpaka a Zuze anatsala akulondera nyumba zagalasi zopanda munthu, udzu ukumera poimika magalimoto, nkhandwe zikudutsa masana dzuwa lili pamutu. Ankati awalemba ntchito yolondera mphepo, ndipo mphepoyo siinathawepo. Malipiro a anamwino atadulidwa Malita anaganiza zosamukira ku Australia. Anawachonderera bambo ake mpaka kulira kuti apite naye, koma anakana. Kumeneko akanayamba opanda mfuti, ndipo sankadziwa kuti kudikira layisensi kukanatenga nthawi yotani. Nthawi yomweyo amuna anga anali atachotsedwa ntchito yomanga, ife tikufuna munthu wa lendi. Umu ndi mmene anabwerera kwathu.

Poyamba ndinakana. Ndinati ndili ndi ana, chida m'nyumba mwanga ayi. Sanakangane nane. Anandiitana n'kundionetsa zonse mmene zimakhalira: mfuti m'bokosi lake, zipolopolo m'bokosi lina kwina, makiyi pa chingwe m'khosi mwawo. Apolisi anabwera kudzayendera, n'kugwedeza bokosilo, n'kukhutira. Malamulo a eni akewo anali ovuta kuposa a boma. Ankati mfuti sukhudza utakwiya, sukhudza utamwa, sukhudza pofuna kuti anthu akuone. Ankati palibe mfuti yopanda kanthu, ngakhale waitsegula wekha n'kuona, ndipo suilozetsa ku chinthu chimene sungathe kuchilira chikafa. Zaka zonse zimene anakhala nafe ana anga sanaione ndi maso. Ankangomva fungo la mafuta Lamulungu masana, chitseko chili chokiya, n'kudziwa kuti agogo akupukuta chinthu chawo. Loweruka ankakwera mabasi kupita ku kalabu yawo kunja kwa tauni kukaombera mapepala, n'kubwerako ndi nkhope ya munthu wochokera ku mgonero.

Nkhani ya lamulo inayamba chifukwa cha anyamata ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, amene ankaomberana m'misewu. Pawailesi inali nkhani ya m'mawa uliwonse. Andale anati mapisitolo achuluka, aletsedwe. A Zuze ankamvetsera atatsamira pa firiji, tiyi akuzizira m'manja. Ankafunsa wailesiyo ngati ikumva: ndani mwa anyamata amenewo anakaimapo pa mzere kupolisi kupempha layisensi? Ndani anaitana apolisi kudzaona pomwe amasungira? Ankati boma likalephera kugwira wakuba limagwira amene likudziwa khomo lake, chifukwa ndiye wosavuta.

Zimenezi sankazitenga m'mabuku. Bambo awo anali ndi gogodela, mfuti yakale ija yothira onga kukamwa. Boma litalamula kuti aliyense alembetse, bambo awo anali oyamba kupita, atavala jekete. Anzawo ena anabisa zawo mu udzu wa denga. Patapita nthawi kunabwera lamulo lina lotolera mfuti, ndipo otolerawo anayenda ndi mayina a olembetsa aja khomo ndi khomo. Obisa sanawakhudze. Chaka chimenecho mvuu zinatha chimanga chonse cha kudimba. Pambuyo pake kunabwera anthu ochokera kutsidya kwa malire ndi mfuti za nkhondo, n'kutsegula khola, bambo awo ataima pakhomo ndi mpini wa khasu. A Zuze nkhaniyi ankaithera pa mpiniwo. Kenako ankati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo opanga malamulo sanamvepo m'mimba mwa mtundu umenewo.

Wokangana nawo wamkulu anali a Tembo, mnzathu wa ku Chipata woyendetsa takisi, amene ankabwera kwathu tikaweruka kutchalitchi. A Tembo anali ndi chifukwa chawo. Mng'ono wawo anaomberedwa ku Joni pakhomo pa shopu, ndipo mfuti imene inamupha inali yobedwa kwa munthu wa layisensi.

"Imwe madala, mfuti ilibe nzeru," ankatero a Tembo. "Ikabedwa siifunsa kuti mwini wanga ali kuti. Mfana wanga anafa na mfuti ya munthu wabwino monga imwe."

"Pepani a Tembo, maliro amenewo ndi athu tonse," ankayankha a Zuze. "Koma amene anaba uja anamugwira?"

"Sanamugwire."

"Ndiye poti analephera iyeyo, agwire ine?"

Pankatha ola akutembenuza nkhani yomweyo, mpunga ukuuma m'mbale. Tsiku lina a Tembo anamenya tebulo mpaka supuni kudumpha, ine n'kuwathamangitsa onse awiri kukhitchini kwanga. Nditasuzumira pawindo ndinawapeza akhala m'takisi, hita ili yoyatsa, akugawana mtedza. Ine mumtima ndinali mbali ya a Tembo. Koma ndinkaona kuti nkhani ya mvuu ndi khola siinali yonse. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo munthu sakana kutsatira mwana wake yekhayo chifukwa chokonda kuboola mapepala Loweruka.

Tsinde lake ndinalidziwa mwangozi. Masana ena makina ochapira anatayikira, madzi n'kuyenda m'khonde la m'kati mpaka kulowa pansi pa chitseko chawo. Ndikubwera ndi chokolopera ndinawapeza a Zuze ataima pamwamba pa bedi, munthu wamkulu, makiyi ali m'manja, nkhope yatuwa ngati phulusa. Ndinati, "Ankolo, ndi makina chabe, onani thovu la sopo." Anayang'anitsitsa thovulo nthawi yaitali asanatsike. Nditakolopa anandiuza kuti ndikhale pansi.

Anati ali pantchito ya ugemu, kumudzi wina m'mbali mwa Shire kunavuta ng'ona imene inkagwira amayi padooko potunga madzi. Anatumidwa iwo. Anaidikira masiku angapo m'bango, mpaka tsiku lina dzuwa lili paliwombo inatuluka kudzaothera pamchenga. Anaiombera kamodzi, kuseri kwa diso, ndipo siinagwedezeke. Anthu anathamangira kumeneko, amayi akululutira, anyamata n'kuikokera kumtunda ndi zingwe. Ataitembenuza anaona kuti mwendo wakutsogolo uli ndi mikanda, yofiira ndi yoyera, yomangidwa mfundo ya dzanja la munthu. Nthungululu zinatha pomwepo. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi osayang'anana, mpaka a Zuze anatsala okha ndi ntchentche. Asanafike kumsasa anamva kulira kumudzi. Mkulu wina, mwini bwato woolotsa anthu, anali atagwa pakhomo pake, magazi akutuluka m'khutu.

Mawa lake mlongo wa malemuyo anabwera kumsasa wa agemu. Sanalire, sanatukwane. Anakhala pansi n'kupempha madzi akumwa. Atapatsidwa sanamwe, anawathira pa mapazi a a Zuze pang'onopang'ono mpaka chikho kutha. Anati, "Mwagwira ntchito yanu, sindikukutsutsani. Koma mlandu suola. Adzakutsatani. Chimene amaopa ndi chimodzi chokha, chimene chamupha."

Kuyambira pamenepo a Zuze sanagonenso kutali ndi mfuti. Pobwera kuno anaganiza kuti nyanja yaikulu idula nkhaniyo. Anafikira kwa Malita ku Citywest, m'fulati ya m'mwamba yokwera ndi chikepe. Sipanapite nthawi, anayamba kupeza pakhomo ponyowa m'mawa, mzere wautali ngati munthu wakoka thumba lonyowa kuchokera ku masitepe. Miyendo inayamba kutupa. Malita anati ndi mapaipi ndi mtima, n'kuwapezera mapiritsi. Nthawi imeneyo ndi imene anadziwana ndi Seamus, mlimi wa kuno amene ankabweretsa katundu ku maofesi aja ndi lole yake, ndipo ndiye anawatengera ku kalabu. Anasankha pisitolo chifukwa analibe galimoto, ndipo mfuti yaitali sungakwere nayo basi. Bokosi litakhomeredwa kukhoma, pakhomo panauma, miyendo n'kuphwa.

Ine ndine munthu wa kutchalitchi. Ndinawauza kuti anawachiritsa ndi mapiritsi, ndipo zotsalazo n'zofunika pemphero. Anati mwina. Anati amapemphera tsiku lililonse, koma amene amapemphera amatsekanso chitseko pogona. Ndinawafunsa ngati ankaganiza zodzaiombera ikabwera. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anati chinthu chimenecho sichiomberedwa kawiri, chimangofuna kudziwa kuti mfuti ilimo.

Seamus uja anatiitanapo kumunda kwake tsiku lina, ife ndi ana. Unali munda waukulu wolimidwa ndi thirakitala, wosalala bwino, koma pakati penipeni panali kamtengo kaminga kamodzi, kopindika, mizere yonse ikukazungulira. A Zuze anafunsa chifukwa chake sakudula. Seamus anakanda m'mutu, n'kunena motsitsa kuti mtengowo uli ndi eni ake osaoneka, ndipo amalume ake anadulapo wotero, chaka chisanathe ng'ombe zinawathera. Anaseka pang'ono, koma ana anga atathamangira komweko anawaitana msanga. A Zuze anasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku lina lililonse limene ndinawaona. Njira yonse pobwerera ankangoti, "Mayi a Tadala, awa ndi anzathu. Khungu lokha." Kamtengo kameneko ndi kamene kanawapusitsa.

Lamulo lija likukambidwabe, a kalabu anaitanitsa msonkhano Loweruka masana kuti adandaule. Anaitana mayi wina wandale wa m'deralo, ndi mkulu wa apolisi amene ankasainira malayisensi. Seamus anapempha a Zuze kuti alankhule, anthu aone kuti eni mfuti si alimi a kuno okha. A Zuze anavala suti yawo ya maliro ndi maukwati. Anatitenga ndi a Tembo, amene anati akufuna kukamva mdani wawo akugonja pagulu.

Holoyo inali ya malata, yozizira, yodzaza ndi azibambo amene ambiri ntchito zinali zitawathera, omanga, amagetsi, okonza mapaipi. A Zuze ataitanidwa anaimirira mosafulumira. Chizungu chawo chinali chapang'onopang'ono, chakusukulu ya mishoni, liwu lililonse lomveka. Anakamba za gogodela ya bambo awo, za jekete, za mpini wa khasu. Anati iwo anabwera m'dziko la eni, n'kugogoda pakhomo pa boma, n'kunena dzina lawo, n'kuonetsa pomwe amagona. Anati ngati mphotho ya kugogoda ndi kulandidwa, ana amene akuona adzaphunzira kulowera pawindo. Anthu anaomba m'manja mpaka malata kulira. Ndinaona a Tembo akuombanso, kenako n'kukumbukira, n'kubisa manja m'khwapa.

Akanakhala pansi pomwepo, bwenzi nkhani ili ina. Koma mayi wandale uja anakweza dzanja. Anafunsa mwaulemu ndithu, mopanda msampha. Anati wamva zonse, koma nanga lamulo litalola kuti mfuti zizisungidwa kukalabu konkuno, munthu azingobwera kudzaombera n'kuzisiya, iwo angavomere? Ngati ayi, n'chifukwa chiyani iwo makamaka akufuna kuti izigona nawo m'nyumba?

Yankho linalipo losavuta, ndipo aliyense m'holomo ankalidziwa: kusonkhanitsa mfuti zonse malo amodzi kutchire n'kuitana akuba. Seamus anayamba kulinong'oneza. Ine ndinakhosomola dala. Koma kwathu munthu wamkulu akafunsidwa pabwalo, pamaso pa akuluakulu, sapereka nthambi, amapereka tsinde. A Zuze anayang'ana Seamus, anayang'ana nkhope zofiira zija za anthu olima mozungulira mtengo, ndipo ndinaona mtima wawo ukukhazikika. Ananena zonse. Ng'ona, mikanda, mwini bwato, mlongo wake ndi chikho cha madzi, mzere wonyowa wa ku Citywest. Ananena mwadongosolo ngati akupereka lipoti kwa bwana wa gemu.

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Mvula inkangowaza pa malata. Mayi uja anati zikomo, maso ali pa nsapato zake. Mkulu wa apolisi sanalembe kanthu, anangotseka cholembera chake n'kuchiika m'thumba, akuwayang'ana a Zuze ndi nkhope yachisoni, ngati mmene namwino amayang'anira wodwala amene akuti ali bwino.

Kunja Seamus anawagwira paphewa. Anati, "Zuze, mtengo uja sitidula, n'zoona. Koma sitiuza apolisi chifukwa chake."

Tinakwera galimoto n'kuyamba ulendo wobwerera. Kenako a Tembo, osacheuka, anati, "Madala, mukanangonama pang'ono."

"Ndafika msinkhu uno, ndikanamize bwalo?" anatero a Zuze. "Anandifunsa ine."

Nyengo yokonzanso layisensi itakwana, yawo siinabwere. M'malo mwake kunabwera apolisi awiri, masana, aulemu, opukuta mapazi pakhomo. Anati akufuna alankhule kaye ndi dokotala wawo, ndipo pakadali pano mfutiyo ikasungidwe kwina. Lamulo limene a Zuze ankaliopa linali lisanadutse n'komwe, andale anali akukanganabe pawailesi. A Zuze analowa kuchipinda okha, n'kutuluka nayo, n'kuitsegula kuti aone kuti mulibe kanthu, n'kuipereka ndi manja awiri atawerama pang'ono. Anati, "Muisamale. Siinalakwirepo munthu." Ine amene ndinkafuna kuti chidacho chichoke m'nyumba mwanga ndinathawira kukhitchini, misozi ili mbwembwembwe. Zinandiwawa kwambiri.

Amene anavutika nawo pambuyo pake anali a Tembo. Anawayendetsa ulere kwa dokotala, kwa loya, kupolisi, n'kudzipereka kukhala mboni kuti madalawa mutu wawo ndi wabwino kuposa wa iwo a Tembo. Anati maganizo awo pa mfuti sanasinthe, koma aka si kalandidwe kake. Kulikonse ankawauza kuti adikire, lamulo latsopano likadutsa zonse ziunikidwanso. Malita anaimba kuti tsopano palibe chowasunga, abwere. Anakana. Anati kumeneko kuli zidzukulu, ndipo sangapite nacho chinthu chotere kwa ana.

Kunyowa kunayamba patangopita masabata ochepa chabe. Woyamba kukuona ndinali ine, ndikuchokera ku shifiti m'mawa: kapeti ya m'khonde la m'kati inali yakuda, kuyambira ku chitseko chakuseri mpaka pakhomo pa a Zuze. Mwini nyumba, poti nafenso ndife a lendi, anatumiza pulambala, amene anagogoda makoma, n'kusuzumira pansi pa sinki, osapeza kanthu. Anati nyumba zonse za kuno anazimanga mothamanga, chinyezi chili paliponse. Sananame, kwa aneba nakonso makoma anali ndi nkhungu. Koma chinyezi chimakwera khoma. Ichi chinkagona pansi, mulifupi mwake ngati thumba la chimanga, chokhota pang'ono pokhotera khonde. Ndipo chinkanunkha. Ine ndinakulira kufupi ndi dambo, fungo la matope a pansi pa bango ndimalidziwa, ndipo si fungo la paipi.

Ndinkakolopa, kuthira mankhwala, kuyatsa hita. Ndinaitana amayi a kutchalitchi, tinapemphera m'khondemo mpaka mawu kusasa, a Zuze atakhala nafe, akuyankha ameni mwaulemu. Amuna anga anasintha loko wa chitseko chakuseri. Mawa lake zinali chimodzimodzi. Ana ndinawauza kuti ndi makina ochapira, koma ndinaona kuti ayamba kudumpha malowo popita kukhitchini.

Chimene chinandiopsa kwambiri si madziwo. Ndi tsiku limene ndinaona a Zuze akulowa kuchipinda kwawo osawerama, osakhudza kapeti, kungoponda ponyowapo ndi masokosi n'kudutsa. Sabata yomweyo anandipempha kuti ndikapita ku shopu ya Afirika ndikawagulire mlamba wouma. Anadya wonse, n'kutafuna ndi mutu womwe, akuyamikira kuti anaiwala kukoma kwake. Miyendo inali itatupa moti nsapato sizinkalowa. Kuchipatala anawagoneka, kuwapatsa mapiritsi omwe aja anawathandiza kale, n'kuwatulutsa. Ulendo uno sanaphwe. Ndinawafunsa ngati akuopa. Anati poyamba ankaopa, koma tsopano amangomumvera chisoni mnzawoyo. Anati, "Nayenso watopa, mayi a Tadala. Kuchokera ku Shire mpaka kuno ndi mimba, si pafupi."

Tsiku limene anatisiya ndinawapeza ndine, madzulo dzuwa lisanalowe, nditabwera ndi ana kuchokera kusukulu. Chitseko chawo chinali chotsegula, iwo amene ankakiya ngakhale popita kukatunga madzi akumwa. Ndinabweza ana panja. Anali atakhala pampando moyang'ana kukhomo, atavala malaya oyera, manja pa mawondo, mapazi opanda nsapato ataikidwa pamodzi bwinobwino pa kapeti yonyowa. Makiyi aja anali atawavula m'khosi n'kuwaika patebulo. Dokotala anatifotokozera mokoma mtima kuti mtima unafooka, mapapo n'kudzaza madzi. Pofuna kuti timvetse anawonjezera kuti zili ngati munthu wamira, kungoti wamira ali pamtunda. A Tembo, amene tinali nawo pomwepo, anatuluka m'chipindamo osatsanzika.

Lamulo lija linadutsa pambuyo pake. Sindine wandale, ndipo mfuti sindizikonda mpaka lero. Ndikungodziwa kuti anyamata aja anapitiriza kuomberana, ndipo munthu mmodzi amene ndikumudziwa kuti analandidwa ndi nkhalamba imene inkaboola mapepala Loweruka. Kaya anawapha ndi mtima, kaya ndi mantha, kaya ndi mwini mikanda, ine sindingaweruze. Malita amati mtima, ndipo iye ndiye anaphunzira. A Tembo nkhani ya mfuti anasiya kuikamba, munthu akaiyambitsa amangokweza wailesi.

Chipinda chija chilipobe, sitinaikemonso munthu. Bokosi lachitsulo anadzalichotsa Seamus, pakhoma panatsala mabowo a mabawuti okhaokha. Bedi lilipo, lopanda zofunda. Mpando uli pomwe unali, chifukwa palibe amene amafuna kukhala woyamba kuusuntha. Pawindo pali kapu yawo ya tiyi, imene ndinaitsuka n'kuibwezera pomwepo osadziwa chifukwa chake.

Kuyambira tsiku la maliro m'khonde simunanyowenso. Mwini nyumba sanakonze kalikonse. Nyengo yozizira nyumba yonse imalira chinyezi, mawindo amachucha, kuchipinda kwa ana ndimapala nkhungu mwezi ndi mwezi. Koma m'chipinda cha a Zuze, mopanda hita, mopanda dzuwa, ndi mouma gwa. Fumbi la pansi limauluka ukatsegula chitseko, ndipo ukaimamo pang'ono kukhosi kumauma ngati uli ku Chikwawa mwezi wa Okutobala. Amuna anga amati tiziyanikamo zovala, zingamaume msanga. Ine ndimayanika pa masitepe.